Kansomba kochepa, ntchito yaikulu

Pakati pa nsomba zonse zimene anthu amaweta m'nyumba pofuna kukongoletsa pabalaza, pali kena kamene kamachepa kuposa usipa. Kutalika kwake sikufika pa kamtengo ka machesi, thupi lake ndi lobulungira ngati njere ya nsawawa, ndipo maso ake amayang'ana uku ndi uku, lililonse palokha, monga amachitira nanzikambe.

M'Chingerezi kansombaka amakatcha dwarf puffer kapena pea puffer, pomwe akatswiri a sayansi adakapatsa dzina lakuti Carinotetraodon travancoricus. Kwawo ndi m'mitsinje ya kummwera chakumadzulo kwa dziko la India, koma lero kamapezeka m'mathanki agalasi m'nyumba za anthu ku Ulaya, America, Japan ndi maiko ena ambiri. Thanki yotereyi ndi imene m'Chingerezi amaitcha aquarium.

Anthu ambiri akakaona m'sitolo amaganiza kuti poti n'kakang'ono, ndiye kuti chisamaliro chakenso n'chochepa. Amakagulira mwana, kukaponya m'kabotolo ka madzi, n'kumakawazira chakudya chouma cha m'paketi. Pakapita masiku kansomba kaja kamafa, mwana n'kuyamba kulira, bambo n'kubwerera kusitolo kukatenga kena. Vuto ndi lakuti kolowa m'malo kameneko kawirikawiri kamakhala kochokera mumtsinje ku India, komwe chiwerengero cha tinsombati chakhala chikutsika.

Kwawo ndi ku Kerala

Kumadzulo kwa India kuli mapiri otchedwa Western Ghats, amene adandanda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 motsata gombe la nyanja yamchere. M'mapiri amenewa mumachokera mitsinje yambiri yotsikira m'chigawo cha Kerala. Mu 2012 bungwe la UNESCO lidaika mapiriwa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse kaamba ka kuchuluka kwa zamoyo zimene sizipezeka kwina kulikonse. Kansomba aka ndi kamodzi mwa zamoyo zoterozo.

Mu 1941 akatswiri awiri a za nsomba a ku India, Sunder Lal Hora ndi K. K. Nair, ndiwo adayamba kulemba za kansombaka m'mabuku a sayansi, ndipo kamene adakafotokozako kadachokera mumtsinje wa Pamba. Nthawi imeneyo dera limenelo lidali pansi pa ufumu wa Travancore, n'chifukwa chake dzina lake lasayansi limathera ndi mawu akuti travancoricus. Mtsinje wa Pamba ndi wotalika makilomita pafupifupi 176 ndipo umathira m'nyanja ya Vembanad. Kansombaka kamapezekanso m'mitsinje ina ya ku Kerala monga Chalakudy ndi Periyar, kudzanso kummwera kwa chigawo choyandikana nacho cha Karnataka.

Kumtsinje tinsombati timakonda malo amene madzi amayenda pang'onopang'ono, pomwe pali zomera zowirira, mchenga, timiyala ndi masamba ovunda pansi. Timayenda m'magulu, tikusaka nkhono zing'onozing'ono, mphutsi za tizilombo touluka ndi tina tamoyo ta m'madzi. Dera limeneli ndi lofunda chaka chonse. Munthu wofuna kuweta kansombaka ayenera kuyamba wadziwa zimenezi, chifukwa ntchito yonse ya woweta ndi kuyesa kubweretsa mtsinje wa Pamba m'kabokosi kagalasi.

Thupi lodabwitsa

Kansombaka kakakula kamafika masentimita awiri ndi theka, ndipo totalika kwambiri timalekezera pa masentimita atatu ndi theka. Msana wake ndi wachikasu chobiriwira wokhala ndi mawanga akuda, pomwe mimba ndi yoyera kapena yachikasu. Kalibe mamba ngati a chambo. Kasambiridwe kake n'kosiyananso ndi nsomba zambiri: kamagwedeza tizipsepse tating'ono ta m'mbali, ta pamsana ndi ta pansi pafupi ndi mchira, motero kamatha kuima pamalo amodzi, kutembenuka pomwepo kapena kubwerera chambuyo.

Banja la nsomba zimenezi limatchedwa Tetraodontidae, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza mano anayi. Manowo adalumikizana, awiri kumwamba, awiri kunsi, n'kupanga chinthu chonga mlomo wa mbalame. Banjali lili ndi mitundu yoposa 150, yambiri ya m'nyanja zamchere. Kuno ku Africa kuli mbale wake wotchedwa mbu, wopezeka mumtsinje wa Congo ndi m'nyanja ya Tanganyika, amene amakula kuposa masentimita 60. Wa ku Kerala ndi mmodzi mwa ochepetsetsa m'banja lonselo.

Chimene chidatchukitsa nsomba za m'banjali ndi kudzitukumula. Ikaopsezedwa, nsombayi imameza madzi ambiri mofulumira mpaka mimba kufufuma ngati mpira, kuti mdani alephere kuimeza. Imatha kutero chifukwa ilibe nthiti ndipo khungu ndi chifu chake zimatamuka.

Ana ambiri amafuna kuona zimenezi ndi maso, choncho amagogoda galasi kapena kutosa kansombako ndi kamtengo. Oweta odziwa amaletsa khalidweli. Kudzitukumula ndi chizindikiro cha mantha aakulu ndipo kumafooketsa kansombako. Choopsa kwambiri ndi pamene kameza mpweya m'malo mwa madzi, pakuti mpweyawo umavuta kutuluka, kansombako n'kumangoyandama chagada. N'chifukwa chake posamutsa sagwiritsa ntchito kaukonde kokatulutsa kunja kwa madzi. Amakatunga ndi kapu pamodzi ndi madzi ake.

Makolo adziwenso kuti nsomba za m'banjali si ndiwo. Zambiri zili ndi poizoni woumitsa ziwalo, amene satha ngakhale nsomba iphikidwe bwanji, ndipo mpaka lero alibe mankhwala omusukulutsa. Ku Japan, komwe anthu amadya mtundu wina wa m'nyanja yamchere wotchedwa fugu, wophika amayenera kuphunzira ntchitoyo ndi kulandira chiphaso cha boma. Kansomba ka m'thanki kakafa kayenera kukwiriridwa kumene mphaka, nkhuku kapena mwana wokwawa sangakapeze.

Thanki iyambe yapsa

Nsomba zambiri zoweta zimafa m'masabata oyambirira, ndipo chimene chimazipha ndi zonyansa zake zomwe. Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya m'madzi, ndipo zotsalira za chakudya zikamaola zimatulutsanso amoniya yemweyo. Mumtsinje madzi amatenga zonsezi n'kupita nazo. M'thanki amoniya amangounjikana mpaka kuwononga ziwalo zopumira za nsomba.

Chimene chimapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya abwino amene amakhala m'siponji ya fyuluta, kamakina kosefa madzi, komanso pa timiyala ta pansi. Gulu lina la mabakiteriyawa limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri ndipo amachoka posintha madzi. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6.

Izi zikutanthauza kuti munthu sagula thanki ndi nsomba tsiku limodzi. Amayamba wakonza thanki, kudzalamo zomera, kuyatsa fyuluta ndi kumaponyamo kachakudya pang'ono kuti kaziola, mabakiteriya apeze chodya. Pali mankhwala odonthezera oyezera madzi amene amaonetsa ngati amoniya ndi nitrite zatha. Zikafika pa ziro, apo ndiye nsomba zingalowe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woweta wopupuluma amataya ndalama kawiri.

Kansomba ka ku Kerala n'kosapirira madzi oipa poyerekeza ndi nsomba zina, komanso kamadya monyanyula, kusiya zidutswa za nkhono pansi. Choncho sabata iliyonse woweta amachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ena amafika theka, n'kuthiramo atsopano ofunda mofanana ndi akalewo. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amapha mabakiteriya abwino aja ndi kuvulaza nsomba, motero amafunika kuthiramo mankhwala ochotsa klorini asanalowe m'thanki. Siponji ya fyuluta imatsukidwa m'madzi amene achotsedwa m'thankimo, ndipo sopo saloledwa kufika pafupi ndi thanki kapena ndowa yake.

Ena amathira mchere poganiza kuti nsomba zonse zodzitukumula zimafuna madzi amchere. Kansomba aka ndi ka m'madzi opanda mchere moyo wake wonse.

Kukula kwa thanki ndi kufunda kwa madzi

Malangizo amene oweta akhala akutsata ndi akuti kansomba kamodzi kamafuna malita osachepera 20, ndiye kuti chigubu chimodzi chodzadza. Masiku ano ambiri amalimbikitsa kuweta gulu la tinsomba 6 kapena kuposerapo, potengera mmene timakhalira kumtsinje, ndipo gulu lotere limafuna thanki ya malita 60 kapena yoposa apo. Thanki yaikulu ndiyo yosavuta kusamala, chifukwa madzi ambiri sachedwa kupirira zolakwika: saipa msanga, sazizira msanga.

M'thankimo muyenera kukhala zomera zambiri, timitengo ndi miyala, kuti kansomba kothamangitsidwa kapeze pobisala. Zomera zimene oweta amakonda ndi Java moss, Java fern ndi Anubias, chifukwa sizifuna kuwala kwambiri. Madzi otuluka mu fyuluta asakhale amphamvu, pakuti tizipsepse tija sitilimbana ndi mkokomo.

Madzi azikhala ofunda pakati pa madigiri 22 ndi 28. M'madera ozizira, kaya ndi ku Ulaya kaya ndi ku Dedza mwezi wa June, pamafunika hita ya m'madzi ndi kachipangizo koyezera kutentha. M'madera otentha vuto limatembenuka: thanki isakhale pawindo pomwe dzuwa limaomba, kapena m'chipinda cha malata chotsekedwa masana onse.

Kumene magetsi amathimathima, banja liyambe laganizira zimenezi lisanagule chilichonse. Fyuluta ikaima kwa maola ambiri, mabakiteriya aja amasowa mpweya n'kuyamba kufa. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena ka sola kamathandiza, ndipo bulangete lofunditsa thanki limasunga kufunda usiku. Magetsi akazima ndi bwino kusadyetsa nsomba mpaka atayakanso, kuti zonyansa zisachuluke.

Mdani wina ali m'nyumba momwemo. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, utsi wa makoyilo ofukizira udzudzu, komanso mankhwala a m'masikito ndi poizoni wamphamvu kwa nsomba. Popopera m'nyumba, thanki iphimbidwe bwino ndipo pampu ya mpweya izimitsidwe mpaka fungo litatha. Munthu amene wagwira mankhwalawa asapise dzanja m'thanki asanasambe ndi kutsukuluza bwino.

Chakudya ndiye mutu wa nkhani

Pamene pamagona vuto lalikulu ndi pa chakudya. Nsomba zambiri zoweta zimalandira chakudya chouma cha m'paketi. Kansomba aka ndi kamlenje, ndipo nthawi zambiri chakudya choumacho kamangochiyang'ana n'kutembenuka. Tambiri timafa ndi njala chakudya chili tayale pamwamba pa madzi.

Chimene kamafuna ndi chamoyo kapena choumitsidwa mufiriji: nkhono zing'onozing'ono, mphutsi zofiira za m'madzi zotchedwa bloodworm, nyongolotsi zopyapyala, ndi tizamoyo ta m'madzi monga daphnia ndi brine shrimp. Kakapeza nkhono, kamaizungulira pang'onopang'ono, maso ali gwa, kenako n'kuilumphira ndi kuisolola m'chigoba. Kuonerera zimenezi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakopa anthu kuweta kansombaka. Oweta ambiri amanenanso kuti tinsombati timazolowera munthu wotidyetsa, moti akangofika timathamangira kugalasi.

Kudyetsa ndi kamodzi kapena kawiri patsiku, pang'onopang'ono, mpaka mimba itabulungira pang'ono. Kansombaka sikadziwa kukhuta, choncho muyezo uli m'manja mwa woweta. Chotsala chichotsedwe chisanaole.

Woweta wochenjera amakhala ndi ndowa kapena kathanki kena koswetsera nkhono. Nkhono zimadya masamba owiritsa pang'ono monga kabichi, ndipo zimaswana msanga. Kunena zoona, woweta kansomba aka amaweta ziweto ziwiri, nsomba ndi nkhono.

Mphutsi za udzudzu nazo ndi chakudya chimene kansombaka kamakonda. Komabe palibe chifukwa chosungira madzi pakhomo kuti udzudzu uswane m'dziko limene malungo akupha ana chaka ndi chaka.

Chenjezo pa nkhono za kudambo

Woweta wa ku London amagula nkhono zake m'sitolo osaopa kanthu. Kwa banja la kuno nkhani ndi ina, chifukwa maganizo oyamba ndi otuma mwana kudambo kapena kumtsinje kukatola nkhono zaulere. Apa pali ngozi yeniyeni: likodzo.

Tizilombo ta likodzo timafuna nkhono kuti tikule. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tizilomboti amaswa, timphutsi take n'kulowa mu nkhono. Patapita masabata angapo nkhonoyo imayamba kutulutsa timphutsi tina tosaoneka ndi maso, timene timaboola khungu la munthu amene wakhudza madziwo. Nkhono za mtundu wa Bulinus zimanyamula likodzo la m'chikhodzodzo, pomwe za mtundu wa Biomphalaria zimanyamula la m'matumbo. Zonsezi zimapezeka m'madzi a m'dziko muno, ndipo Biomphalaria imafanana kwambiri ndi nkhono zopiringizika zimene oweta nsomba amagwiritsa ntchito kunja.

Mwana wotola nkhono ali pachiopsezo kudambo komweko. Nkhono yodwala ikalowa m'thanki, ingathenso kutulutsa timphutsi tija m'madzi amene anthu a m'nyumbamo amapisamo manja. Nkhono yobadwira m'ndowa yaukhondo kuchokera ku dzira siikhala ndi likodzo, chifukwa matendawa sachoka kwa nkhono kupita kwa ana ake. Choncho nkhono zodyetsera nsomba zikhale zoswetsedwa m'nyumba kuchokera ku mbewu yodalirika. Kuonjezera apo, aliyense wogwira madzi a m'thanki asambe m'manja akamaliza, ndipo wachilonda padzanja asapisemo.

Kochepa koma kaukali

Munthu asanyengeke ndi nkhope yaulemu ya kansombaka. Kali ndi mbiri yoluma zipsepse za nsomba zinzake, ngakhale zazikulu kuposa iko. Nsomba zoyenda pang'onopang'ono ndi za michira yaitali zimakhala zoyamba kuvulazidwa. Pachifukwa ichi oweta ambiri amati thanki ya tinsombati ikhale yatokhatokha.

Pakati pa tokhatokha, tatimuna ndi timene timalimbirana malo. Tikakula, kusiyanitsa n'kosavuta. Kakamuna kamakhala ndi mzere wakuda wodutsa pakati pa mimba, ndi timizere tonyezimira tonga makwinya kuseri kwa diso. Kakakazi n'kobulungira kwambiri, kali ndi timadontho ting'onoting'ono pakati pa mawanga aakulu, ndipo mimba yake ilibe mzere. Lamulo la oweta ndi lakuti tatikazi tichuluke, tiwiri kapena titatu pa kakamuna kamodzi. Tinsomba titatu tokha m'thanki yaing'ono yopanda zomera ndi chiyambi cha nkhondo, pakuti kamphamvu kamasankha kamodzi n'kumakazunza mpaka kufa. Gulu likakula, ukali umagawikana.

Pogula, munthu asankhe kansomba ka mimba yodzadza, ka maso oyendayenda, kamene kakusambira mwachidwi. Ka mimba yolowa m'kati kapena kongokhala phee pakona n'kokayikitsa. Tinsomba togwidwa kumtsinje kawirikawiri timabwera ndi njoka za m'mimba, moti timadya koma osanenepa. Mankhwala ake alipo, koma afunika malangizo a wodziwa, chifukwa nsomba zopanda mamba sizipirira mankhwala ena, makamaka okhala ndi kopa. Kakasamalidwa bwino, kansombaka kamakhala zaka 4 kapena 5. Banja logula likulonjeza ntchito ya zaka zonsezo, kuphatikizapo kupeza woti azidyetsa eni ake akapita kumaliro kapena kumudzi.

Malonda amene akupulula mitsinje

Kafukufuku amene Rajeev Raghavan ndi anzake adafalitsa mu 2013 adapeza kuti pakati pa 2005 ndi 2012 dziko la India lidatumiza kunja nsomba zoweta zoposa 1.5 miliyoni za mitundu 30 imene ili pachiopsezo chakutha. Kansomba ka ku Kerala kadali m'gulu la mitundu yochepa imene idatenga gawo lalikulu la malondawo.

Bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zingathe padziko, lidaika kansombaka m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi kugwidwa kopitirira muyezo kaamba ka malonda. Poti tinsombati timayenda m'magulu m'madzi osaya, n'tosavuta kukokolola tambiri nthawi imodzi. Chachiwiri ndi kuonongeka kwa mitsinje chifukwa cha madamu, kudula mitengo m'mapiri, kukumba mchenga, ndi mankhwala a m'minda otsikira m'madzi.

Malondawa ali ndi mbali inanso yodabwitsa. Mu 1999 akatswiri awiri, Ralf Britz ndi Maurice Kottelat, adalengeza za mtundu wina wofanana kwambiri ndi kansombaka, umene adautcha Carinotetraodon imitator. Adauzindikira pakati pa nsomba zimene zidali kale pamalonda. Izi zikuonetsa kuti amalonda amatha kufika kumtsinje akatswiri asanadziwe n'komwe zimene zili m'menemo.

Chopatsa chiyembekezo n'chakuti kansombaka kamaswana m'thanki. Madzi akakhala abwino ndipo chakudya chikakwana, kakamuna kamatsogolera kakakazi m'zomera zowirira monga Java moss, komwe kamaikira timazira tochepa nthawi imodzi. Mazirawo amaswa pakatha masiku pafupifupi 5. Tiana timafuna chakudya chamoyo chaching'ono kwambiri, ndipo timalekanitsidwa malinga ndi misinkhu, pakuti tokulirapo timadya tating'ono. Wogula amene amafunsa wogulitsa ngati nsombazo ndi zoswetsedwa kapena zogwidwa kumtsinje, n'kusankha zoswetsedwa, amachepetsako katundu amene mitsinje ya ku Kerala yasenza.

Nyanja ya Malawi ikudziwa nkhaniyi

Amalawi sangaione nkhaniyi ngati ya kutali, chifukwa dziko lino nalo ndi gwero la nsomba zokongoletsa m'nyumba. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko, ndipo mbuna zake zili m'mathanki a anthu m'maiko ambiri. Malonda otumiza nsombazi kunja adakhazikika m'zaka za m'ma 1970, ndipo mmodzi mwa amene adatchuka nawo ndi Stuart Grant wa ku Salima, yemwe adamwalira mu 2007. Malondawa apereka ntchito kwa anthu a m'mbali mwa nyanja komanso atchukitsa dzina la dziko.

Koma chitsanzo cha mbuna yotchedwa saulosi chikuonetsa mbali inayo. Kansomba kameneka kamapezeka pa miyala ya pansi pa madzi ya Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu, basi. Chifukwa cha kukongola kwake, tatimuna tabuluu, tatikazi tachikasu, kadagwidwa kwambiri mpaka kutsala pang'ono kutha pamalopo, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN lidakaika m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu zedi. Okonda nsomba adachita kuswetsa tina n'kukatibwezera pa miyala ija. Nsomba imene kwawo ndi malo amodzi okha siichedwa kutha ogula akachuluka, kaya ndi ku Chizumulu kaya ndi ku Pamba.

Yatopetsa, isatayidwe mumtsinje

Pali anthu amene nsomba ikawatopetsa amakaitaya mumtsinje kapena m'damu poganiza kuti aichitira chifundo. Zamoyo zachilendo zikalowa m'madzi a kwina zimatha kubweretsa mavuto osatha. Namasupuni, amene wasautsa mtsinje wa Shire ndi malo opangira magetsi, kwawo ndi ku South America ndipo adafalikira padziko ngati duwa lokongoletsa maiwe. M'nyanja ya Victoria, nsomba yotchedwa Nile perch imene idalowetsedwa m'zaka za m'ma 1950 idathandiza kupulula mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'nyanjamo. Nsomba yoweta ingathenso kunyamula matenda achilendo, ndipo nkhono ndi zomera za m'thanki nazo zingathe kumera kumene sizikufunika.

Lamulo la za nsomba la m'dziko muno la 1997 lidaletsa kuika nsomba yachilendo m'madzi popanda chilolezo. Amene akuganiza zobweretsa nsomba zamoyo kuchokera kunja ayambe wafunsa ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lake. Nsomba ikakanika kusamalika ipatsidwe kwa woweta wina, ndipo madzi ochotsedwa m'thanki athiridwe m'maluwa kapena m'dimba la pakhomo, kutali ndi ngalande yopita kumtsinje.

Banja limene lili ndi thanki yokwanira, magetsi odalirika, gwero la chakudya chamoyo ndi munthu wosatopa kusintha madzi sabata ndi sabata, lidzapeza kuti kansombaka n'kosangalatsa kuposa nsomba zambiri zazikulu. Ana amaphunzirapo za madzi, za tizilombo ndi za udindo wosamala chamoyo. Banja limene zina mwa izi palibe lingachite bwino kuyamba ndi nsomba zopirira zimene zimadya chakudya chouma, n'kudikira kuti dzanja lizolowere. Kansomba ka ku Kerala kali ndi kwawo kumodzi kokha, ndipo kalikonse kamene kafa ndi njala pabalaza la munthu kamatumiza msodzi kumtsinje kukagwira kena.